Gitala Yokhota ya aMabokosi

Alamu anga, amuna a achemwali anga, ankapanga magitala pogwiritsa ntchito mabokosi a ndudu. Sindikunena ndudu zoonda zija anthu amagula imodziimodzi pagolosale, koma zonenepa ngati chala chachikulu, zimene amasuta mabwana m'mahotela. Zimabwera m'timabokosi ta matabwa opyapyala, tokhala ndi kachivundikiro ka mahinjesi, ndipo ndudu zikatha bokosi limapita kudzala. Mlonda wina wa kuhotela ndiye ankawatolera. N'chifukwa chake msewu wathu wonse, ana ndi akulu omwe, unkawaitana kuti aMabokosi. Dzina lawo lenileni likadali latsopano mpaka lero, chifukwa palibe amene analigwiritsapo ntchito.

Ine ndine telala, ndipo anthu amati pakamwa panga pamathamanga kuposa makina anga. Tinkagwirira ntchito m'chipinda chimodzi choyang'ana kumsewu, chimene tinachidula pakati ndi katani. Ine ndinatenga mbali ya zenera, iwo mbali ya chitseko chakuseri, kumene anaika benchi, macheka, tupa ndi chitini cha guluu. Katani sanaletsepo utuchi kuuluka. Diresi la mkwatibwi likangogona pamenepo, pofika mawa linkanunkha fodya ndi guluu. Tinkayambana za utuchi umenewu m'mawa uliwonse ngati pemphero, kapena ndinene kuti ndinkayambana ndekha, chifukwa alamu kukangana sakudziwa. Ndi bambo wamtali, woonda, woyenda ngati akuopa kudzutsa mwana. Ndikalalata mpaka kuuma kukhosi, iwo ankangochotsa pensulo kukhutu, n'kuiyang'ana, n'kuibwezera.

"Mwamaliza, mlamu?"

"Sindinamalize!"

"Pitirizani, ndikumva."

Palibe chimene ankagula chatsopano kupatula guluu ndi vanishi. Mkono wa gitala, thabwa lalitali lija woimba amagwira ndi dzanja lamanzere, ankaucheka ku miyendo ya mabedi akale kapena ku mafelemu a zitseko. Nsambo za magitala aakulu ankazisolola ku waya wa mabuleki a njinga, ndipo timagitala tating'ono ta nsambo zinayi, tija timalira ngati tikuseka, ankatikunga ndi twaini wowedzera nsomba. Kamlatho kogonekapo nsambo kanali bawuti, nthawi zina chogwirira cha supuni, ndipo masupuni a achemwali ankasowa m'njira imeneyi. Asanacheke bokosi, ankayamba aligogoda ndi chala n'kuliika kukhutu ngati munthu wosankha chivwende pamsika. Ena ankawakana. Ankakankha katani n'kunena kuti, "Ili ndi la mabatani, mlamu, tengani." Mpaka lero mabatani ndi singano zanga ndimasunga m'mabokosi amene analephera mayeso.

Koma ntchito yeniyeni inali pa makwerero. Amenewa ndi timawaya topingasa pamkono wa gitala, timene munthu akadina nsambo pambali pake mawu amakwera kapena kutsika. Alamu ankatidula ku masipoko a njinga n'kutikhomera m'timizere tocheka. Kawaya kamodzi kakaphonya malo ake ngakhale pang'ono, gitala imanama, ndipo ngakhale uikunge chotani siimvana ndi nyimbo iliyonse. Amisiri ena amayeza ndi lula, ena amakopera pa gitala ina. Alamu ankayeza ndi mawu a achemwali.

Achemwali ankandithandiza kusita ndi kusokerera mabatani. Anali mayi wamfupi, wojintcha, woseka ndi thupi lonse. Kukwaya ya kutchalitchi ndiwo ankayambitsa nyimbo, chifukwa mawu awo sankaphonya, ankangofika pamalo pake ngati phazi m'nsapato yakale. Ine kukwaya komweko anandipempha mwaulemu kuti ndizisunga zikwama za anzanga. Tinabadwa m'mimba imodzi, koma mawu onse anatenga iwo, ine n'kutsala ndi phokoso.

Gitala ikafika poika makwerero, alamu ankakunga nsambo imodzi yokha, n'kusuzumira pakatani.

"Mayi, simbi ipume kaye."

Achemwali ankaimika simbi, n'kupukuta manja, n'kukakhala pakampando kawo pambali pa benchi, bondo kugunda bondo. Alamu ankaliza nsambo, achemwali n'kutenga mawuwo, kenako n'kukwera sitepe imodzi n'kuigwira osagwedera. Pamenepo alamu ankayendetsa msomali pansi pa nsambo pang'onopang'ono, uku akuliza, mpaka nsambo ndi mawu zikumane n'kukhala chinthu chimodzi. Achemwali ankagwedeza mutu, alamu n'kulemba kamzere ndi pensulo. Kenako sitepe ina, ndi inanso, mpaka mkono wonse udzaze timizere. Ntchito yoti munthu angaimalize tiyi asanazizire iwo ankaikoka masana onse, chifukwa alamu ankangodutsitsa msomali pamalo pake, achemwali n'kuwamenya padzanja.

"Bambo inu, mwadutsa! Bwererani. Kodi makutuwa ndi oikira pensulo basi?"

"Ndi amatabwa, mayi. Munakwatiwa ndi gonthi. Imbaninso."

Ine zinkandinyansa kwabasi, makamaka zovala za anthu zikaunjikana zosasita. Ndinawauza kambirimbiri kuti telala wanzeru amadula pateni n'kuisunga, sayambira pachiyambi diresi lililonse. Dulani kathabwa kamodzi, lembanipo timizere tonse, mikono muziidula yofanana, basi nkhani yatha, achemwali andisitire zovala. Alamu ankati bokosi lililonse lili ndi mtima wake, silingavale pateni ya linzake. Achemwali ankangoseka n'kundiuza kuti ndisiye nsanje. Ndinkaona anthu awiri aimvi akusewera ngati ana nthawi ya ntchito. Ana Mulungu sanawapatse, ndipo sindinawamvepo akuidandaula nkhani imeneyo pamaso pa munthu.

Magitala ankayenda ndithu. Wometa wa pakona, amene Loweruka ankaimba m'maukwati, anali ndi yake yakalekale yopangidwa pabenchi pomwepo, ndipo ndiye ankayesa iliyonse yatsopano isanapite kwa mwini wake. Mphunzitsi wina ankagulira ana a sukulu yake. Alendo ankagula zokapachika pakhoma, zimene alamu ankati n'chimodzimodzi kugula nkhuku yongoionera. Sanalemere nayo ntchitoyi, koma sanagonepo ndi njala.

Mawu a achemwali anayamba kusasa nyengo yozizira. Tinati ndi chimfine. Tinawamwetsa mandimu, uchi, ndi chilichonse chimene kasitomala aliyense analangiza, poti pa matenda a pakhosi aliyense ndi dokotala. Kuzizira kunatha, kusasa sikunathe. Anasiya kuyambitsa nyimbo kukwaya, kenako anasiyiratu kupitako. Tiyi ankameza atatsinzina. Kuchipatala ndinawakokera ndine, mochita kukalipa, ndipo atawaunika n'kuwatumiza uku ndi uku, dokotala anatikhazika pansi. Anati pakhosi pali chotupa choipa, pakufunika opaleshoni, ndipo ngakhale zitayenda bwino mawu sadzabwereranso. Ine ndinalira pompo mpaka nesi anabwera kudzandigwira. Achemwali sanalire. Anangofunsa kuti mawu atsalawa akhala mpaka liti, dokotala n'kunena kuti sangalonjeze.

Tili pamalo okwerera basi, achemwali ananditsina pamkono n'kunong'ona kuti, "Iwe, pateni yako ija. Nthawi yake yakwana."

Masana omwewo anakaima pabenchi. Alamu anali atamva kale zonse kwa ine, ndipo ankapala bokosi limene linali losalala kale.

"Bambo, dulani kathabwa kaja," achemwali anatero. "Ndiimbe kamodzi mawu akadalipo, mulembe, muzikopera."

"Kathabwa ka chiyani? Inu mulipo."

"Mwamva zimene wanena dokotala."

"Dokotalayo amadziwa za magitala?"

Pamenepo ine ndinalowa ndi katani yemwe. "Alamu, musandipsetse mtima! Munthu akukuuzani zenizeni, inu mukuyankha zachibwana. Mawuwa akatha mudzadya chiyani, utuchi?"

Anachotsa pensulo kukhutu n'kuiyang'ana monga mwa masiku onse, koma ulendo uno sanaibwezere. Anaigoneka pabenchi.

"Mlamu, ndikadula kathabwa kameneko ndiye kuti ndavomera. Ine sindinavomere."

Masabata anayamba kupita tikudikira kuti kuchipatala atiitane. M'mawa mawu a achemwali ankakhalapo pang'ono, pofika masana ankatsala kunong'ona. Tsiku lililonse ankawapempha amuna awo, tsiku lililonse alamu ankapeza ntchito ina. Anakonza mpando wanga umene unagwedera zaka zambiri osauyang'ana. Ananola masizasi anga onse, ndi a wometa omwe. Anathira mafuta m'mahinjesi a zitseko za anthu oyandikana nafe osapemphedwa. Mabokosi amene mlonda ankabweretsa ankangounjikana pakona, palibe ndi limodzi lomwe analigogoda. Paja madzi akatayika saoleka, ndipo ine ndinkaona madziwo akutayika ndili pompo, manja lende. Alamu anga ndimawakonda, koma masiku amenewo ndikanatha kuwamenya ndi simbi yamoto.

Uthenga wa kuchipatala utafika woti akagonekedwe, achemwali sanapemphenso. Anapita pakona okha, anagwada movutikira, n'kusankha bokosi lofiira la mizere yagolide m'mphepete, limene alamu ankalisunga poti linali lokoma kuposa onse. Analiika pabenchi, anakokera kampando kawo, n'kukhala.

"Simbi yapuma," ananong'ona.

Alamu anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anatenga mkono umene unali wopalapala kale, anaulowetsa m'bokosimo, n'kukunga nsambo imodzi. Waya unawabaya, koma sanayamwe ndi chala chomwe. Anati kathabwa ayi, koma gitala angapange. Achemwali anagwedeza mutu, poona kuti kukangana kungodya mawu amene atsala.

Nsambo inalira, achemwali n'kuyesa kuitenga. Sitepe yoyamba inatuluka yosasa koma inaima. Yachiwiri inagwedera. Pa yachitatu mawu anathyoka pakati, n'kutsetserekera pansi, iwo n'kugwira pakhosi, misozi ili lengelenge chifukwa cha ululu. Analavulira m'kampango n'kukabisa msanga m'thumba, koma ndinaona kuti kafiira. Ndinaimitsa makina. Ngakhale ine wosunga zikwama ndinamva kuti mawu amenewa sakufika pamalo pake, ena akutsalira, ena akupitirira. Chimene ndinaona n'chakuti tsiku limenelo msomali wa alamu sunadutse ngakhale kamodzi. Unkapita molunjika pamene mawu agwera n'kuima pomwepo, pensulo n'kulemba.

"Ndalondola?" achemwali ankafunsa pa sitepe iliyonse.

"Mwalondola, mayi."

Masitepe akumwamba sanalinso mawu, unali mpweya wokha. Alamu ankaweramitsa khutu mpaka kukamwa kwa akazi awo, n'kudikira, n'kusuntha msomali, n'kulemba. Achemwali anali ndi makutu akuthwa kuposa aliyense mumsewu wathu, ndipo sindikhulupirira kuti sankadzimva. Koma ankafunsabe, alamu n'kumayankhabe chimodzimodzi mpaka mkono unadzaza. Atamaliza, achemwali anatsamira paphewa la amuna awo ali wefuwefu ngati anyamula katundu. Ine ndinatulukira chitseko chakumsewu n'kukalirira kuseri kwa galimoto ya munthu wosamudziwa.

Opaleshoni inachitika. Titaloledwa kulowa, tinawapeza pabedi lachitsulo pafupi ndi zenera, diripi ili pamkono, kapaipi kali pakhosi. Mawu anali atapita monga ananenera dokotala. Ankalankhula ndi manja ndi maso. Akafuna madzi ankaloza kapu pakabati, akafuna kuti nditonthole ankatseka pakamwa pawo ndi chala, ndipo chimenechi ankachita kawirikawiri. Alamu akangolowa nthawi yoona odwala, achemwali ankayendetsa zala pachifuwa ngati akuliza nsambo, n'kukweza zikope. Ankafunsa gitala yawo.

"Guluu sanaume, mayi."

Mawa lake ankati vanishi akumata. Tsiku linalo ankati waya wabwino wasowa. Koma ine ndinkadziwa kuti gitalayo inatha kalekale. Inali pakhoma kuseri kwa katani, yonyezimira, makwerero onse okhomedwa, yopanda nsambo zokha. Tsiku lina titabwerera kuntchito ndinawaimirira pakhomo.

"Alamu, bodza limeneli lithe. Munthu akudwala, akufuna amve gitala yake. Kungani nsambo mupite nayo. Kapena ndikunge ndine?"

"Akaimva, mlamu?" anatero motsitsa. "Makutu awo sanawachite opaleshoni."

Aka kanali koyamba kuti alamu anditseke pakamwa. Ndinabwerera kumakina anga, ndinasoka mkono wa malaya mozondotsa, n'kuusula wonse.

Chotupa chija chinali chitafalikira kale. Dokotala anatiuza m'khonde, motsitsa mawu, ndipo alamu anangoyang'ana nsapato zawo. Achemwali anayamba kuonda tikuona, mayi uja woseka ndi thupi lonse n'kutsala kamunthu kosadzaza ndi theka la bedi. Zala zokha sizinasiye kufunsa. Masana ena alamu anafika atanyamula kanthu kokulunga m'nsalu yanga yotsala, n'kukaika pamiyendo pa akazi awo. Inali gitala ija, yopanda nsambo.

Achemwali anaivundukula okha. Anasisita bokosi, ananunkhiza, kenako anayamba kuyendetsa chala pamakwerero kuchokera kumwamba. Makwerero abwino amayandikana pang'onopang'ono, mwadongosolo, munthu ngakhale wosadziwa nyimbo amaona ndi maso. Awa anali ngati mano a nkhalamba, apa othithikana, apa mpata. Chala chawo chinaima pa sitepe yachitatu paja, pamene panali mpata waukulu. Anakweza maso n'kuwayang'ana amuna awo, osaphethira.

"Zili bwino, mayi," alamu anatero. "Mwalondola zonse. Zatsala nsambo basi."

Achemwali anamwetulira. Anakweza dzanja lawo lowondalo n'kuwamenya alamu padzanja, pang'ono chabe, monga ankachitira msomali ukadutsa. Kenako anaikumbatira gitalayo pachifuwa n'kutsinzina. Nesi atabwera kudzanena kuti nthawi yatha, anakana kuipereka, inagona nawo pabedi pomwepo. Anamwalira sabata yomweyo, m'mawa, ine nditapita kukatsuka kapu yawo kumpopi, alamu atawagwira phazi. Gitala yawo sanaimve ikulira.

Sindidzanama kuti ndinalimba mtima. Achemwali ndiwo anandilera mayi athu atamwalira, ndiwo anandigulira makina oyamba, ndiwo okha ankatha kundiuza kuti khala chete ine n'kukhaladi chete. Mtima wanga unasweka, ndipo mpaka lero ndikamasita ndekha pamakhala nthawi imene ndimatembenuka kuti ndiwauze kanthu. Koma ine ndinali ndi pakamwa polirira. Alamu analibe. Anabwerera kuntchito ali chete, anapachika gitala yofiira pamsomali wake, n'kumakhala pabenchi manja ali pamaondo. Kampando ka achemwali kanali pomwepo, ndipo posesa ankakazungulira osakasuntha.

Patapita miyezi ndinamva macheka akulira kuseri kwa katani. Nditasuzumira ndinaona akudula kathabwa kakatali, kosalala, n'kumalembapo timizere ndi pensulo. Kathabwa kaja, kamene tinawapempha mpaka kutopa. Ndinati mumtima mwanga, mawu a akulu akoma akagonera, ngakhale akuluwo akhale telala. Sindinafunse kumene akukopera. Ndinangoganiza kuti abwereka gitala ya wometa, ndipo ndinakondwa kuti munthu wayamba kudzuka. Mulu wa mabokosi unayamba kutsika. Ntchito inkathamanga kuposa kale, poti panalibenso womenya padzanja.

Magitala atsopano atakwana angapo, wometa anabwera kudzayesa monga mwa chizolowezi. Anakhala pakhomo, anakunga nsambo, n'kuyamba kanyimbo kake ka m'maukwati. Sanapite patali. Anakwinya nkhope, anakunganso, n'kuyambanso.

"AMabokosi, iyi ikunama."

Anatenga ina. Inanama pamalo pomwepo. Anatenga kakang'ono ka nsambo zinayi, nakonso chimodzimodzi. Alamu anangoti amva, n'kupitiriza kupala. Wometa anandiyang'ana, ine ndinayang'ana makina.

Mphunzitsi uja anatenga angapo, sabata isanathe anawabweza, akupepesa kuti ana akusokonekera poimba. Oimba ena awiri anabweza awo. Mbiri inayenda msewu wonse kuti chisoni chawasokoneza mutu aMabokosi, ndipo anthu anasiya kubwera. Khoma la kuseri kwa katani linadzaza magitala okongola, onyezimira, onama onse mofanana. Alamu sanasiye. Ankabwera m'mawa, n'kugogoda bokosi, n'kucheka, n'kugoneka kathabwa kawo pamkono, n'kukopera. Chakudya chamasana anayamba kunena kuti adya kale, pamene ine ndikuona kuti lamba wasunthira pabowo lina.

Tsiku lina atatuluka kukatenga madzi, ndinatenga kathabwako n'kukagoneka pamkono wa gitala yofiira. Mzere uliwonse unagwera pa kawaya kake, mpaka mpata uja wa sitepe yachitatu. Apa ndi pamene ndinadziwa kumene anakopera. Kenako mtima unandipsa, ndipo ndinapita kukamukoka wometa ndi gitala yake yakale, kasitomala wake atametedwa mbali imodzi.

"AMabokosi, koperani apa," wometa anatero mwaulemu, akupereka gitalayo ndi manja awiri. "Mawu ndi a mayi omwewo, munapanga nawo limodzi. Ili bwinobwino, ndaimba nayo zaka zonsezi."

Alamu sanailandire. Ine sindinathenso kudzigwira.

"Alamu, mukufuna kufa ndi njala kapena chiyani? Zaka zonse munakana pateni, lero mwadula yokhota! Kodi simukumva kuti magitalawa akunama? Ngakhale ine ndikumva!"

"Ndikumva, mlamu."

"Mukumva chiyani inu, gonthi wa makutu amatabwa?"

Alamu anatembenukira kubenchi. Anatenga mkono wina umene unali usanalembedwe, anakunga nsambo imodzi, anatola msomali uja. Analiza, anasuntha, anaima. Analizanso, anasuntha, anaima. Anakwera masitepe onse mpaka kumwamba, mwamsanga, popanda womuimbira, ndipo sitepe iliyonse inamveka yoyera ngati mmene achemwali ankaimbira ali bwino. Wometa anangoti kukamwa yasa. Alamu anagoneka msomali pabenchi.

"Ndakhala ndikumva kuyambira ndili mnyamata," anatero. "Achemwali anu ankadziwa. Nanga munthu ungamuuze bwanji mkazi wako kuti siya simbi udzakhale pafupi nane, masana dzuwa likuswa mtengo, mlamu wako ali pompo ndi pakamwa pakepo?"

Ndinapezeka ndakhala pansi, pa utuchi pomwepo. Zaka zonse zija ndinkalalatira zovala zosasita, kumeneko anthu akuchezerana pamaso panga ine osaona. Wometa anatenga gitala yake mwakachetechete n'kubwerera kwa kasitomala wake.

"Ndiye konzani, alamu," ndinatero, ndipo mawu anga anatuluka aang'ono moti sindinawazindikire. "Mungathe nokha. Achemwali sakanafuna kuti muvutike chonchi. Kathabwa ankakafunira kuti muzidya."

Anayang'ana gitala yofiira pakhoma.

"Ya wometa ija anaimba akuseka, sinawapweteke. Iyi sitepe iliyonse ankameza magazi, inu munaona. Anandifunsa, ine ndinawayankha kuti alondola. Ndikasuntha kawaya kamodzi, mlamu, ndiye kuti ndinawanamiza."

Ndinafuna kunena kuti munawanamizadi, ndipo iwo ankadziwa, n'chifukwa chake anakumenyani padzanja kuchipatala kuja. Mawuwo anafika pakamwa, koma ndinawameza. Nanenso ndinali pomwepo tsiku lija ndipo ndinaona kampango kaja.

Lero alamu amadya za kukonza mipando ndi kunola masizasi, ndipo chakudya chamasana ndimabweretsa cha anthu awiri osafunsa ngati adya kale. Magitala sagulitsanso, koma mlonda akabweretsa bokosi amaligogoda, ndipo likayankha bwino amalipanga, kathabwa kawo kali pamkono. Khoma linadzaza, ena apachikidwa mpaka kumbali yanga ya katani, pamwamba pa madiresi a anthu. Za utuchi ndinasiya kulalata.

Gitala yofiira anaikunga nsambo pomaliza. Masana, nthawi ija ankasuzumira pakatani, amaitsitsa pamsomali, n'kukhala pabenchi bondo lawo litagunda kampando kopanda munthu. Saimba nyimbo. Amangokwera masitepe, imodziimodzi, pang'onopang'ono. Yoyamba imaima, yachiwiri imagwedera. Ikafika yachitatu ine ndimachotsa phazi pamakina, chifukwa pamenepo ndimawamva achemwali mawu akuwathyokera, akumeza ululu kuti ayesenso. Ndipo kuseri kwa katani ndimamva alamu akuyankha motsitsa kuti, "Mwalondola, mayi."